Tithokoze Mulungu Chifukwa cha Ufulu wa M'dziko Lathu



Mthenga Wabwino umene tamva lero, wolembedwa ndi Luka Woyera pa mutu 17, ukutisimbira za anthu khumi odwala khate amene adakumana ndi Ambuye Yezu m'malire a Samariya ndi Galileya. Kuti timvetse bwino nkhaniyi, tikumbukire kuti pa masiku amenewo khate silinkangodya thupi lokha ai. Lamulo la Mose linkamtulutsa wakhate m'mudzi. Munthu wotere sankaloledwa kugona m'nyumba mwake, kukhala pa bwalo ndi anzake, kapena kulowa m'nyumba ya mapemphero. Akaona munthu akubwera, ankayenera kufuula ali patali kuti winayo apatuke. Tsono Ambuye atawachiritsa anthu aja, adawabwezera zambiri koposa khungu losalala. Adawabwezera mudzi wao, mabanja ao, malo ao pa bwalo ndi mau ao pakati pa anthu. Nchifukwa chake adawatuma kwa ansembe, pakuti ansembe ndiwo ankachitira umboni kuti munthu wachira ndipo angathe kubwerera kwao.

Onse khumi adachira, koma wobwerera kudzathokoza adali mmodzi yekha, ndiponso adali Msamariya, munthu wachilendo. Tisafulumire kuwaweruza asanu ndi anai aja, popeza Malembo Oyera sakunena kuti adali anthu oipa. Mwina wina adathamangira kukaona ana amene adawasiya akukwawa. Wina adakapeza munda wake utalandidwa nayamba milandu. Wina adapeza nkhokwe ili gwa, mulibe ndi chitsononkho chomwe. Moyo udawatanganitsa, ndipo itapita miyezi yowerengeka, kuyenda momasuka pakati pa anthu kudasanduka chinthu chozolowereka monga kupuma mpweya.

Abale athu, ife Amalawi tidadwalapo nthenda imene inkatitalikitsa wina ndi mnzake monga khate lija. Dzina la nthendayo ndi mantha. Ambiri mwa Amalawi amene ali moyo lero adabadwa chaka cha 1994 chitapita kale, kotero saidziwa nthenda imeneyi. Ife amene tidaiona tili ndi udindo wowafotokozera, mosawonjeza ndi mosabisa.

Dziko lathu lidalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964, ndipo tsiku limenelo ndi loyenera kulilemekeza nthawi zonse. A Dr. Hastings Kamuzu Banda adatsogolera nkhondo yothetsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo m'nthawi yao mudamangidwa misewu, sukulu yaukachenjede ndi likulu latsopano ku Lilongwe. Zimenezi nzoona ndipo sitizikana. Koma nzoonanso kuti m'chaka cha 1966 lamulo lidalola chipani chimodzi chokha, ndipo m'chaka cha 1971 mtsogoleri adalengezedwa kuti ndi wamuyaya. Dziko lidamasuka kwa atsamunda, koma munthu wamba adatsala womangika lilime.

Inu makolo mukukumbukira khadi la chipani. Pa chipata cha msika, pokwera basi, nthawi zina ngakhale pa khomo la chipatala, anyamata ovala malaya ofiira ankaima nafunsa khadi. Mayi wosenza dengu la tomato ankabwezedwa nalo kumudzi chifukwa chosowa kapepala kameneko. Mukukumbukira lamulo la zovala la 1973, limene linkaletsa akazi kuvala buluku kapena diresi lalifupi, ndipo mnyamata wosunga tsitsi lalitali ankatha kumetedwa mokakamiza. Wailesi m'dziko muno idali imodzi yokha, ya boma. Mabuku, nyimbo ndi mafilimu zinkayamba zadzera m'manja mwa bungwe loona zoyenera kuletsedwa. Koma choopsa koposa chidali chakuti munthu ankatha kutengedwa usiku, osauzidwa mlandu, osaonekera ku khoti, nakhala zaka ku Mikuyu kufupi ndi Zomba kapena ku Dzaleka m'boma la Dowa, kumene lero kukukhala anthu othawa nkhondo m'maiko ao. Mlakatuli Jack Mapanje adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. A Orton Chirwa, amene adali nduna yoyamba ya zachilungamo m'dziko muno, adagwidwa pamodzi ndi akazi ao a Vera Chirwa m'chaka cha 1981, adaweruzidwa m'khoti la mafumu popanda loya wowaimira, ndipo bamboyo adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. M'mwezi wa Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, adapezeka atafa ku Mwanza. Tidauzidwa kuti idali ngozi ya galimoto, ndipo padapita zaka zoposa khumi kuti kafukufuku aonetse poyera kuti adachita kuphedwa.

Amenewa ndi maina odziwika. Alipo ena ambirimbiri, aphunzitsi, makalaliki, alimi, amene maina ao akudziwika ndi mabanja ao okha ndi Mulungu. Ndipo ngakhale amene sadalowe m'ndende, nthendayo idawagwira. Bambo ankatsitsa mau polankhula ndi mkazi wake m'nyumba mwake momwe. Munthu ankakayika mnzake wodya naye mbale imodzi, poopa kuti mwina ndi kazitape. Tinkaimirana patali monga akhate aja, aliyense ndi bala lake.

Kuchira kwathu kudadza bwanji? Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno mudawerengedwa kalata ya Aepiskopi athu. Adaisaina Ambuye Arkiepiskopi James Chiona a ku Blantyre, Aepiskopi ena asanu, ndi Monsinyo John Roche amene ankayang'anira Dayosizi ya Mzuzu. Kumene kudalibe wansembe tsikulo, woiwerenga adali katekisti kapena mkulu wa mpingo, ndipo ambiri adaiwerenga manja akunjenjemera. Kalatayo sidatukwane munthu. Idangonena zimene aliyense ankazidziwa koma osazitchula: kuti osauka akusaukirasaukira pamene ochepa akulemera, kuti malipiro a antchito ndi mitengo ya mbeu za alimi nzosakwanira, kuti m'sukulu ndi m'zipatala zinthu sizili bwino, kuti anthu akumangidwa popanda mlandu, ndi kuti munthu wonena maganizo ake akuyesedwa mdani wa dziko. Patangopita masiku awiri Aepiskopi adaitanidwa ku polisi ku Blantyre nafunsidwa mafunso kwa maola ambiri. Boma lidalengeza kuti kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu. Pa msonkhano wa chipani ku Lilongwe ena adanena poyera kuti Aepiskopi aphedwe. Nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka, kumene kalatayo idasindikizidwa, idatenthedwa, ndipo mu Epulo Monsinyo Roche adathamangitsidwa m'dziko muno.

Tisadzitame ngati kuti ntchitoyi tidaigwira tokha Akatolika. Mutu umodzi susenza denga. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba adayenda pa mseu kuvomereza kalatayo. A Chakufwa Chihana adabwerera kumudzi pa 6 Epulo 1992 akudziwa kuti akamangidwa, ndipo adamangidwadi pa bwalo la ndege. Mu Meyi antchito a m'mafakitale ku Blantyre adanyanyala ntchito, ndipo anthu ambiri adaomberedwa. Abale athu a mpingo wa CCAP, a Anglican, Asilamu, maloya ndi amalonda adagwirizana nafe m'bungwe la Public Affairs Committee kuti akambirane ndi boma. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adafunsidwa kusankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali, ndipo anthu pafupifupi 63 mwa 100 alionse adasankha nyali, kutanthauza zipani zambiri. Pa 17 Meyi 1994 tidasankha boma latsopano, ndipo a Kamuzu adavomera pa wailesi kuti agonja. Pa zimenezinso tiyenera kuthokoza, pakuti anansi athu a ku Mozambique adakhetsa mwazi zaka 16 pa nkhondo yapachiweniweni, ndipo ife tomwe tidawalandira m'midzi mwathu ali othawa. Ife Mulungu adatiwolotsa mtsinje popanda nkhondo.

Tsono tidalandira chiyani? Mutu wachinai wa malamulo aakulu a dziko lino, amene adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1994, ukundandalika ufulu wa munthu aliyense. Ndime 33 ikuteteza ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo. Ndime 35 ndi 36 zikuteteza ufulu wolankhula ndi wofalitsa nkhani. Ndime 38 ikulola anthu kusonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere ndi mopanda zida. Ndime 42 ikuti munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene akumva, aloledwe kuonana ndi loya ndi achibale ake, ndipo afikitsidwe ku khoti pasanathe maola 48. Zimenezi zingamveke ngati nkhani za maloya, koma taonani m'mene zimakhalira pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Mayi amalowa mu msika ndi dengu lake popanda womufunsa chipani chake. Mlimi amaimba foni pa wailesi nadzudzula phungu wa dera lake, usiku nkugona tulo m'nyumba mwake. Akristu a m'Limana amasonkhana pansi pa mtengo wa mango popanda kupempha chilolezo kwa tcheyamani wa chipani. Mpingo uli ndi mawailesi akeake, monga Radio Maria imene idayamba ku Mangochi m'chaka cha 1999, ndipo Asilamu ndi mipingo ina ali ndi ao. Mau amene mukuwamvawa, akadalankhulidwa m'chaka cha 1985, bwenzi wolankhulayo asadafike kunyumba kwake.

Tikudziwa zimene ena a inu mukunena mumtima. Mukuti: Bambo Mfumu, ufuluwo tidya? Thumba la feteleza lakwera mtengo, kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mankhwala m'chipatala akusowa, ana athu amaliza sukulu koma ntchito kulibe, ndipo akuba ndalama za boma akuyenda mwamatama. Ena amafika ponena kuti kale lija zinthu zinkayenda bwino, kuli bwino tibwerere ku ulamuliro wa munthu mmodzi wa dzanja lolimba. Madandaulo amenewa ndi oona, ndipo wansembe amene amayendera midzi sangawapeputse. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Koma tikumbukire ana a Israele m'chipululu. Utangopita mwezi umodzi chitulukire m'dziko la Ejipito, njala itawapweteka, adayamba kulakalaka miphika ya nyama ya ku Ejipito. Pambuyo pake ankakumbukira nsomba, minkhaka ndi anyezi. Chimene adaiwala ndi chikoti cha akapitao, njerwa zoumba popanda kupatsidwa udzu, ndi ana ao aamuna amene ankaponyedwa mu mtsinje wa Nailo. Njala ili ndi mphamvu yosankhira munthu zoti akumbukire. Nafenso tikamakumbukira mtengo wa shuga wa masiku aja, tikumbukirenso mayi amene adadikira mwamuna wake zaka zisanu osadziwa ngati ali moyo. Ndiponso umphawi sudayambe ndi ufulu ai. Kalata ya 1992 ija idadandaula za umphawi womwewo. Kusiyana kwake nkwakuti pa nthawi imeneyo kunena kuti kuno kuli njala kudali kutsutsa boma, chifukwa boma linkati anthu ake onse ndi okhuta, ovala ndi ogona m'nyumba zosadontha.

Ufulu suphika nsima, komabe ndiwo umalola wanjala kukuwa mpaka amveke. Pa njala ya 2002, mipingo, mabungwe ndi manyuzipepala adakuwa kufikira boma lidavomera kuti m'dziko muli tsoka, ndipo thandizo lidayamba kubwera. Kubedwa kwa ndalama za boma kumene kudaululika m'chaka cha 2013 kudalembedwa m'manyuzipepala tsiku ndi tsiku, ndipo ena adaweruzidwa nalowa m'ndende. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a khoti loona za malamulo aakulu adafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 chifukwa cha zolakwika zambiri, khoti lalikulu la apilo lidavomereza, ndipo tidavotanso pa 23 Juni chaka chomwecho. Mu Seputembala 2025 tidasinthanso boma ndi chala chodinda inki, ndipo wogonja adavomera. Mankhwala a utsogoleri woipa tili nawo m'manja mwathu. Amagwira ntchito pang'onopang'ono, koma m'masiku a chipani chimodzi mankhwalawo kudalibe nkomwe.

Nanga kuthokoza kwathu kuoneke bwanji? Msamariya uja sadangomva kukoma mumtima. Adatembenuka, adayenda ulendo wobwerera, adagwada. Kuthokoza kuli ndi miyendo.

Poyamba, tiwasimbire ana athu. Aisraele adalamulidwa kuti chaka ndi chaka, pa chakudya cha Paska, bambo afotokozere mwana wake m'mene adatulukira mu ukapolo. Inu agogo, inu makolo, madzulo mukatha kudya, auzeni adzukulu za khadi lija ndi za wachibale amene adasowa. Musawauze kuti adane ndi munthu kapena ndi chigawo china, pakuti ozunza ndi ozunzidwa adalipo m'zigawo zonse zitatu, ndipo ambiri amene ankafunsa makhadi adali ana ongotumidwa. Auzeni kuti adziwe mtengo wa chimene ali nacho. Inu akatekisti, pophunzitsa lamulo lachisanu ndi lachisanu ndi chitatu, loletsa kupha ndi loletsa umboni wonama, musasowe zitsanzo: mbiri ya dziko lathu ili nazo zokwanira.

Chachiwiri, tiudziwe ufulu wathu ndi kuugwiritsa ntchito. Paulo Woyera atamangidwa ku Yerusalemu, asilikali atamkonzera kale zikoti, adafunsa mkulu wao ngati lamulo likulola kukwapula nzika ya Roma isanaweruzidwe, ndipo zikotizo zidabwezedwa. Ku Filipi, atamenyedwa ndi kutsekeredwa popanda mlandu, adakana kutulutsidwa mobisa, nafuna kuti akuluakulu a mzinda abwere okha kudzawatulutsa. Mtumwi amene adali wokonzeka kufera Kristu sadaone ngati kudzikuza kufunsa chimene lamulo lidampatsa. Tsono mwana wa mnansi wanu akagwidwa nakhala m'chitokosi sabata yathunthu osaonekera ku khoti, musangoti ndi tsoka lake. Pitani anthu awiri kapena atatu, mwaulemu, mukafunse za maola 48 aja. Belo ya ku polisi ndi yaulere. Alipo a bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, alipo a Ombudsman, lilipo bungwe loona za ufulu wa anthu, ndipo m'maparishi mwathu muli a Chilungamo ndi Mtendere. Khasu losalimira limachita dzimbiri. Chimodzimodzinso voti yanu: anthu adafera kuti mukhale nayo, musaigulitse ndi chitenje, mchere kapena ndalama ya tsiku limodzi.

Chachitatu, ndipo apa ndi povuta, titeteze ufulu wa amene sitigwirizana nawo. Amene adazunzika koposa chifukwa cha khadi la chipani sadali Akatolika. Adali a Mboni za Yehova, amene chikhulupiriro chao chidawaletsa kugula khadilo. Mpingo wao udaletsedwa m'chaka cha 1967, nyumba zao zidatenthedwa, ambiri adamenyedwa ndi kuphedwa, ndipo m'chaka cha 1972 zikwizikwi adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chidachotsedwa mu 1993. Pa ziphunzitso zambiri sitimvana nawo, koma Msonkhano Waukulu wachiwiri wa ku Vatican udaphunzitsa m'chaka cha 1965 kuti munthu aliyense asakakamizidwe pa nkhani ya chipembedzo, chifukwa ulemu umenewu udachokera kwa Mulungu amene adamlenga. Makolo athu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dzanja limene lidatentha nyumba za a Mboni ndi lomwelo lidadzatentha makina a ku Balaka. Lero chiyeso chathu chili pafupi ndi khomo: gogo amene mudzi wamuloza chala kuti ndi mfiti, mnyamata wogwidwa akuba nkhuku amene gulu likufuna kumuthira petulo, mbale wathu wachialubino amene akugona ndi mantha, munthu wa chipani china amene akufuna kuchititsa msonkhano m'dera lathu. Tikalola kuti gulu liweruze munthu popanda kumumva, tamanganso Mikuyu pakati pa mudzi wathu, ndipo olonda ake ndife.

Chachinai, tisunge lilime lathu m'choona. Apapa Yohane wa 23 adaphunzitsa m'kalata yao ya 1963 yonena za mtendere pa dziko lapansi kuti ufulu uliwonse umayenda ndi udindo wake. Aepiskopi aja adaika moyo wao pa chiswe kuti tithe kunena zoona. Nzomvetsa chisoni kuona ufulu womwewo ukugwiritsidwa ntchito pofalitsa mabodza pa foni, kunyoza mitundu ya anzathu ndi kuipitsa mbiri ya munthu amene sitidamuonepo. Uthenga ukafika pa WhatsApp, dzifunseni musanautumize kwa wina: kodi ndikudziwa kuti nzoona? Kodi ndingazinene mwiniwake ali pomwepo? Ndipo inu amene muli pa maudindo, kuyambira nduna mpaka mfumu ya mudzi, mpaka ife ansembe ndi akuluakulu a mpingo, tiphunzire kumva chidzudzulo popanda kuopseza wodzudzulayo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Tisaganize kuti nthenda ija singabwerenso. Pa 20 ndi 21 Julayi 2011, pansi pa malamulo omwewa a ufulu, anthu 20 adaphedwa pa nthawi ya zionetsero, ambiri a iwo ku Mzuzu. Malamulo olembedwa pa pepala alibe manja. Amatetezedwa ndi oweruza olimba mtima, apolisi oopa Mulungu, atolankhani oona, ndi anthu wamba amene sadaiwale kumene adachokera.

Abale ndi alongo athu, liu lakuti Ukaristia limatanthauza kuthokoza. Lamulungu likudzali, mukamapita ku Misa pa mseu poyera, buku la nyimbo m'manja, popanda wokuimitsani, kumbukirani kuti alipo Akristu anzathu m'maiko ena amene amapemphera zitseko zili zotseka. Pa nthawi ya zopereka, ikani pa guwa dziko lathu la Malawi monga liliri, ndi njala yake ndi ufulu wake. Tchulani mumtima maina a amene adavutika kuti ife tilankhule. Onse khumi adachira khungu, koma uja adabwerera ndiye adamva kuchokera pakamwa pa Ambuye kuti chikhulupiriro chake chamupulumutsa.

Tipemphere. Mulungu Atate athu, Inu amene mudamva kulira kwa anthu anu ku Ejipito, tikukuthokozani chifukwa mudamvanso kulira kwa dziko lino. Landirani mu ufumu wanu onse amene adafera m'ndende, m'misewu ndi m'maiko achilendo. Tonthozani mabanja ao. Patsani atsogoleri athu mtima womvera, oweruza athu mtima wosagulika, ndipo ife tonse mutipatse mtima wokumbukira ndi wolemekeza mnzathu aliyense. Amai Maria, Mfumukazi ya mtendere, mutipempherere. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Kristu Ambuye athu. Amen.

Akudalitseni Mulungu Wamphamvuzonse, Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera. Amen.